Nsonga inayo ya bulangete

Chiperoni chabweranso. Zovala zomwe ndinayanika Lamulungu zikadali zonyowa pachingwe, ndipo minda ya tiyi ya kutsidya sikuoneka nkomwe, nkhungu yokhayokha. Chaka chatha nyengo yomwe ino tinali kumanda, tikuika mayi aakulu a Fanesi, mkulu wawo wa mayi anga. Amene ankalalikira tsiku limenelo ananena katatu konse kuti tataya mayi wodzidalira, mayi amene sanapemphepo munthu kuti amusenze mtolo. Anthu ankangogwedeza mitu. Ine mawu amenewo anandikwana mwambo usanathe nkomwe. Sikuti anali abodza ayi. Koma munthu akamwalira timakonda kutola mbali yopepuka ya moyo wake, yolemerayo nkuisiya pansi. Yolemerayo ine ndinaiona ndi maso angawa, ndipo chaka chonsechi yandisowetsa mtendere.

Kudzidalira kokha ndiye kunalipo, sindingatsutse. Anathyola tiyi ku esiteti zaka zoposa makumi atatu, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, kulowa m'mizere mame ali thoo. Zala zawo zinada ndi kung'ambika mpaka sopo analeka kuzitha. Tiyi amene ankathyolayo sanamulawepo, poti anali a Sabata enieni. Ankati yawo ndi kuthyola, zakumwazo aziona eni ake. Kapitawo wina watsopano anayesa kuwaumiriza kuti azibwera Loweruka, nati akapanda kutero asadzaonekenso. Iwo anavula dengu, nalitula pamapazi pake, namuuza kuti alisunge pabwino chifukwa adzalifuna Lolemba. Lolemba anabweradi, nanyamula dengu lawo. Kapitawoyo anangoyang'ana kumbali, pakuti pagulu lake lonse panalibe wina wa manja achangu ngati awo.

Akaweruka kumeneko, ntchito ina inali ikuwadikira pakhomo. Madzi, nkhuni, chinangwa ndi nandolo kuseri kwa nyumba, nthochi zofuna kupalira, mbuzi zomwe sizinkamva za munthu wina. Denga la khitchini litawola anakwera okha kukafolera. Bambo wina wodutsa panjira anaima, nawakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Anamuyankha ali pamwamba pomwepo kuti iwo sakusenza, akufolera, ndipo apitirize ulendo wake dzuwa lisanamulowere. Akapsa mtima ankasiya Chichewa nkulowa Chilomwe, ndipo zikafika pamenepo ngakhale mbuzi zija zinkabwerera zokha m'khola. Koma kutchalitchi, ulaliki ukangofika pakati, mutu wawo unkayamba kuwerama. Ankagona atakhala tsonga, buku la nyimbo lili m'manja. Ife tinkagundana zigongono nkumaseka. Lero ndikudziwa kuti pa sabata yonse, bencho ija ndi malo okhawo amene munthuyo ankakhala pansi popanda chosenda kapena chosankha m'manja.

Womva izi angayese kuti anali mayi wamasiye. Ayi ndithu, amuna anali nawo, ndipo alipo mpaka lero: bambo aakulu a Layisoni, mkamwini wa pamudzi pathu, munthu wofatsa, wosamwa, wosakweza dzanja pa mkazi. Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawira. A Layisoni anali khuki kunyumba ya manijala wa esiteti. M'dera lathu lonse munalibe munthu, wamwamuna kaya wamkazi, wodziwa ntchito ya m'nyumba kuposa iwo. Kuphika, kukolopa, kuchapa, kusita, kuyala bedi mpaka nsalu kuti see. Madona, akazi a mabwana, anabwera ndi kupita, ndipo aliyense pochoka ankasiyira mnzake mawu akuti khuki ameneyu musamutaye.

Koma akafika pakhomo madzulo ankavula nsapato, nkukhala pampando wawo wa ndalema, basi yatha. Madzi osamba ankawapeza ali kale kubafa, ofunda. Akapatsidwa kapu ankayamba aikweza kaye kowala, kuizunguza, kuona ngati ili ndi banga. Nthawi zina polowa m'nyumba ankayendetsa chala pazenera, nkuchiyang'ana, osanena kanthu. Bola akanamanena, munthu ukanayankha. Ntchito imodzi yokha ankaigwira pakhomo: Lachisanu, dzuwa lisanalowe, ankadzitsekera kuchipinda ndi simbi ya makala nkusita malaya ndi thalauza lawo la Sabata, poti mzere wa thalauza wosita a Fanesi sunkawafika pamtima. Zawo zokha. Ankatseka ndi zenera lomwe kuti wodutsa asaone.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Kunyumba ya bwana kuchapa ndi ntchito. Munthu amavala yunifolomu yoyera, anthu nkumamupatsa moni waulemu panjira. Koma mwamuna akagwira tsache pakhomo pake dzuwa likuswa mtengo, amati wadyetsedwa khuzumule, mankhwala aja amati mkazi amathira m'ndiwo kuti mwamuna apuse, azingozungulira pakhomo. Kwa mkamwini, wokhala pakati pa abale a mkazi wake, mawu amenewo amaluma kawiri. Sindikuwaikira kumbuyo. Nawonso ankabwera atatopa, miyendo itatupa ndi kuimirira. Kungoti kutopa kwawo kunali ndi mpando, kwa a Fanesi kunalibe.

Mayi anga ankakangana nawo akulu awo pa nkhani imeneyi pafupifupi mwezi uliwonse.

"Achemwali, pakamwa muli napo. Bwanji osangowauza alamu kuti akuthandizeni? Kupempha si kuba."

"Ndiwauze chani? Tsiku lonse amva Layisoni ichi, Layisoni icho. Ndiye abwere kuno adzapezenso dona wina, wovala chitenje? Maso ali nawo. Amaona fumbi pazenera, angalephere kuona munthu?"

"Nanga akapanda kuona?"

"Ndiye kuti sanaone. Manja ndili nawo ine."

Mawu akuti manja ndili nawo anali ngati moni wawo. Ankanenanso kuti thandizo lochita kuliitana ndi ganyu chabe, lokoma ndi lobwera lokha. Koma kuyesa ankayesa, mwa njira yawo. Lamulungu lina, amuna awo ali pakhomo, anagoneka tsache chopingasa pakhomo penipeni pa nyumba, napita kumunda. Mayi anga, amene khonde lawo limayang'anizana ndi limenelo, anawerenga: a Layisoni analidumpha tsachelo kanayi, mosamala, kuti asaliponde. Madzulo a Fanesi analitola okha, nasesa. Atafunsidwa, anangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pa ntchito zonse za pakhomo, ilipo imodzi yomwe sinalengedwere munthu mmodzi: kufinya bulangete. Kale, mjigo usanabwere, amayi a mudzi wathu tinkachapa Lamulungu kukhwawa, kumunsi kwa nthochi, pomwe pali mwala waukulu wosalala. Bulangete likamwa madzi limalemera ngati thumba la chimanga. Pamafunika awiri, wina nsonga iyi, wina nsonga iyo, nkumapota mosemphana mpaka madzi atatha. Ukaliyanika losafinya nyengo ya chiperoni, lidzanunkha lisanaume. Ndiye amayi tinkagwirizana awiriawiri, lako likatha nkugwira la mnzako, uku nkhani zikuyenda.

A Fanesi ayi. Pambali pa mwalawo pali mtengo wa gwafa. Ankakulunga nsonga imodzi pathunthu lake, nkuimanga ndi kachingwe ka khonje komwe kankakhala pomwepo, kenako nkumabwerera chambuyo akupota, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mtengo wonse ukugwedezeka. Amayi anautcha mtengowo a Layisoni aang'ono. A Fanesi eni ake ankaseka nawo, ankati aang'onowa ndi abwino, sayang'ana makapu.

Ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi matama chabe. Tsiku lina, ndili kale pabanja, ndinawaona akulimbana ndi bulangete thukuta lili kamukamu kuzizira konse kuja. Ndinasiya zanga.

"Mayi aakulu, masulani ndigwire ine."

Anandiyang'ana nthawi ndithu.

"Chapa zako, iwe. Malo amenewo ali ndi mwini wake."

Ndinaseka, poyesa kuti akunena mtengo. Iwo sanaseke. Ndinabwerera pamwala wanga manyazi atandigwira, ndipo ndi tsiku limenelo pomwe ndinamvetsa. Manja ogwira analipo ambiri pakhwawa paja. Akanangokodola, tikanathamanga khumi. Sankasowa mphamvu, sankasowanso anthu. Ankafuna kuti tsiku lina mwamuna wawo, popanda womutuma, aone kuti bulangete lili ndi nsonga ziwiri. Denga, nkhuni, madzi, zonsezo akanapitiriza okha osadandaula. Koma malo amodzi okhawo anawasunga opanda munthu, monga momwe timasungira mbale ya mlendo amene wanena kuti abwera.

Zaka zawo zakumapeto anali ndi kachizolowezi komwe kankatiseketsa tisanakamvetse. Mjigo unali utabwera, amayi ambiri atasiya kutsikira kukhwawa, koma iwo ayi. Tsiku lochapa mabulangete ankaima pabwalo, beseni lili pamutu, nkulengeza mokweza ngati akuuza mudzi wonse:

"Ine ndikutsikira kukhwawa. Ndatenga mabulangete."

A Layisoni, ali pampando wawo wa ndalema, ankayankha mwaulemu wonse:

"Muyende bwino, amake Mere."

Mere ndi mwana wawo woyamba, amene anakwatiwa ku Blantyre. A Fanesi akamva yankho limenelo ankanyamuka pang'onopang'ono, munthu woti masiku onse ankayenda ngati akuthamangira sikelo yoyezera tiyi isanatsekedwe. Pofika pa nthochi ankaima, kukonza nkhata yomwe inali bwinobwino. Kumbuyo sikunkabwera munthu. Mlendo akanati taonani nkhalamba zokondana, zitsanzikana ngakhale popita kumadzi. Ife amene tinalipo tsiku lija tinkadziwa kuti si kutsanzikana kumeneko.

Tsiku lake linali lotere. A Layisoni anali atangopuma ntchito chaka chomwecho. Dona womaliza powatsanzika anawapatsa bulangete lalikulu, lokhuthala, lotuwa, lomwe kufunda kwake kunali kosangalatsa koma kuchapa kwake kunali chilango. A Fanesi nyamakazi inali itayamba kuwagwira paphewa. Lamulungu limenelo pakhwawa tinalipo amayi asanu ndi awiri kapena kuposa, ine ndili ndi mwana kumsana. Anali atamanga kale nsonga kumtengo, akupota, nkumaima, nkugwira phewa, nkuyambanso.

Kenako tinaona munthu akutsika m'kanjira ka m'nthochi, chipewa kumutu, akuponda mosamala poterera. A Layisoni. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo kukhwawa. Tonse tinayesa kuti kumudzi kwagwa zovuta. Iwo sanapereke moni kwa aliyense. Anafika pamtengo, navula chipewa, nachikoleka panthambi. Anamasula mabatani a m'mikono, napinda malaya mpaka m'zigongono, bwinobwino, mbali zonse mofanana. Ndiye anamasula kachingwe kaja, nagwira nsonga ya bulangete ndi manja awiri, naima moyang'anizana ndi akazi awo.

A Fanesi anapota, amuna awo napota mbali inayo, madzi nkukhuthuka kuti khwaa. Anapotanso. Ine ndinali pafupi, ndinaona nkhope ya mayi aakulu. Sindinaionepo chotero kale, ndipo sindinadzaionenso: inamasuka yonse, maso ali pa manja a amuna awo. Anapota kachitatu.

Pamenepo a Elube, mnansi wathu, mayi wa pakamwa posapola, anaimba nthungululu.

"Wagwira! Wagwiratu khuzumule! A Fanesi, mwachita bwanji pa ukalamba uno? Tiuzeniko sing'anga wake, nafenso athu akungokhala!"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, ndisabise, ndipo chiseko chimenecho chimandibwererabe pakhosi. Kunali kuseka kwa pamadzi chabe, kopanda njiru, koti pofika kumtunda tonse tikanaiwala. A Layisoni makutu anawatentha, koma sanasiye. Anagwirabe. Amene anasiya ndi a Fanesi. Nkhope ija inatsekeka nthawi yomweyo. Anakoka bulangete mwamphamvu mpaka linapulumuka m'manja mwa amuna awo, nsonga nkugwera m'matope.

"Wakutumani ndani kuno? Mwamva kuti manja anga aduka? Kwererani kumtunda, musandichititse manyazi pa anthu."

Chiseko chinazima. A Layisoni anayang'ana nsonga ili m'matopeyo. Anawerama, nasamba m'manja, napukuta ndi mpango wa m'thumba. Anatsitsa mikono ya malaya, namanga mabatani onse awiri, natenga chipewa chawo. Anakwera njira yomwe anabwerera, osacheuka. A Fanesi anatsukuluza nsonga ija, naimanganso kumtengo. Tsiku limenelo anapota mpaka ndinaopa kuti gwafa azuka.

Ena amati anaopa mpingo, poti mayi wodalirika kutchalitchi kumutchula za mankhwala si nkhani yaing'ono. Mwina. Ine ndinawafunsa patapita miyezi, tikusenda nandolo pakhonde pawo. Ndinayembekeza kuti anditukwana m'Chilomwe. M'malo mwake anapitiriza kusenda nandolo.

"Pakamwa panayankhula pokha," anatero. "Zaka zonsezi aliyense wondimvera chisoni ndimamuyankha kuti manja ndili nawo. Tsiku limene lija lilime linangotsata njira yomwe linazolowera. Ndinamva mawu akutuluka ngati akunena wina."

"Ndiye kawapepeseni. Si alipo, ali m'nyumbamo?"

"Ndikapepese kuti chani? Kuti bwerani mudzagwirenso? Kumeneko ndiye kuitana kuja." Anataya makoko m'lichero. "Ndinadikira kuyambira ndili ndi mimba ya Mere. Zinathera pa kupota katatu. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga."

Sindinagwe mphwayi pamenepo, ndinapitanso kwa bambo aakulu. Ndinawapeza akupukuta nsapato zawo za Sabata. Ndinazungulira, ndinazungulira, kenako ndinangonena kuti mayi phewa likuwavuta, ndipo kukhwawa kulibenso anthu oseka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga ankamvetserera madona.

"Mwana wanga, ine ndagwira ntchito m'nyumba za anthu moyo wanga wonse. Munthu sachotsedwa ntchito kawiri pamalo amodzi. Akandifuna anena."

Ndinatuluka nditatopa nawo onse awiri. Wina akuti sindiitana, wina akuti sindibwera osaitanidwa, nyumba imodzi, bulangete lofunda limodzi. Zinakhala choncho zaka khumi ndi kanthu. Lamulungu lililonse la mabulangete wina ankalengeza, wina nkuyankha kuti muyende bwino, ndipo gwafa ankagwira ntchito yake.

Sitiroko inawapeza m'munda wa nandolo. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu nkumatuluka mokoka. Atabwerako kuchipatala tinagawana masiku oti tiziwasamala, koma a Layisoni anatibweza mwaulemu. Anatulutsa epuloni yawo yakale m'sutikesi. M'mawa mwake mudzi wonse unawaona akusesa pabwalo, kenako ali pamzere kumjigo ndi zidebe ziwiri. Panalibe amene anatchula khuzumule. Matenda amapereka chilolezo chomwe umoyo umakaniza. A Elube omwe aja ndi amene ankatsogolera kuyamikira, akuti amuna ngati amenewa kulibe, a Fanesi ndi odala.

Nyumba ija sinayerepo chotero. Makapu ankawala, pazenera ukanayendetsa chala mpaka kutopa. Phala linkabwera pa thireyi, supuni ili pakansalu kopindidwa. Wodwala ankasambitsidwa, kudzozedwa mafuta, kusinthidwa nsalu zositasita. Ndinalowa tsiku lina ndili wokondwa, ndinati tsopano mwapuma, mayi aakulu, zomwe munkafuna zija si izi? Anatembenuzira nkhope kukhoma. Nditawerama ndinaona kuti akulira, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale pamaliro a mayi ake.

"Amagogoda," anatero movutikira. "Akamalowa kuchipinda kuno amagogoda. M'nyumba mwawo momwe. Ndasanduka dona uja."

"Koma akukusamalani bwino."

"Sindinkafuna wantchito ine. Ndinkafuna iwo uko, ine kuno."

Ndinangowakonzera pilo, yemwe anali wokonzedwa kale.

Patatsala milungu itatu kuti atisiye, kunacha bwino, kadzuwa kofunda. Tinawatulutsa, nkuwakhazika pamkeka pakhonde, atatsamira khoma. A Layisoni anali pabwalo, akuchapa bulangete lotuwa lija m'beseni lalikulu. Atatsukuluza analikweza, madzi akuyenderera m'mikono, nayamba kuyang'ana uku ndi uku pofuna poti alikolowetse. Ine ndinadzuka kuti ndikagwire. Dzanja lamanzere la mayi aakulu linandikoka chitenje.

"Bambo a Mere."

A Layisoni anacheuka.

"Bweretsani kuno nsonga inayo."

"Simungathe, amake Mere. Dzanja limodzi?"

"Bweretsani. Ndikupempha."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. A Layisoni nawonso anaima ngati sanamve bwino. Kenako anakoka beseni mpaka pakhonde. Anagwada, naika nsonga m'dzanja lamanzere la akazi awo, nawapindira zala chimodzichimodzi. Anabwerera chambuyo ndi nsonga yawo, nayamba kupota pang'onopang'ono, mongoyerekeza, monga timachitira ndi mwana amene akufuna kuthandiza nawo. Madzi ankangodontha.

"Musandinamize," anatero a Fanesi. "Potani ngati mukupota ndi munthu."

A Layisoni anawayang'ana, ndipo anapotadi. Koyamba dzanja lija linagwira, madzi nkukhuthukira pamkeka ndi pamiyendo yawo. Kachiwiri zala zinatseguka zokha. Nsonga inagwa pansi, nkudzola dothi.

Tonse atatu tinangoiyang'ana.

"Tachedwa, bambo," anatero mayi aakulu.

A Layisoni anali chiimire ndi nsonga yawo m'manja. Mawu awo anatuluka otsika, osakhala a khuki, osakhalanso a pampando wa ndalema.

"Ndinabweratu ine. Tsiku lija ndinabwera."

"Ndikudziwa. Ndinakuonani mukadali m'nthochi. Mtima unachita kundigunda."

"Nanga bwanji?"

A Fanesi anatseka maso. Ndinayesa kuti ayankha, koma anangotambasula dzanja lonyowa lija, amuna awo nkusiya bulangete lonse kugwa m'dothi, nkudzakhala pansi pambali pawo. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinakaima pa mbuzi nthawi yaitali. Pobwerera ndinapeza a Layisoni akutunga madzi ena oti atsukuluzirenso. Kuyambira tsiku limenelo analeka kugogoda. Chiperoni chitangoyamba, mayi aakulu anapita. Pamaliro awo, a Elube ndi amene ankaimba mokweza kuposa onse, ndipo ine ndinasamuka pomwe ndinakhala kuti ndisawayandikire, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku lija ndinaseka nawo limodzi.

Dzulo ndinapita kukawaona bambo aakulu, poti chaka chakwana. Pakhomo mposesa, makapu ali mndandanda, mpando wa ndalema uli wopinda pakona. Kuseri, pachingwe, panali bulangete lotuwa lija. Analichapa Lamulungu, koma linali likudonthabe, chingwe chitawerama pakati ndi kulemera, pansi madontho atakumba timaenje m'dothi. Munthu wodziwa kuchapa kuposa tonse analiyanika losafinya, pa chiperoni.

"Bambo aakulu, linunkhatu ili. Tiyeni tilitsitse, ndigwire mbali imodzi."

"Lisiye, mwana wanga. Lidontha lokha."

"Sitichedwa ayi. Kupota kangapo basi."

Anapukusa mutu, maso ali pa bulangete.

"Nsonga imeneyo ili ndi eni ake."

Sindinawaumirize. Pobwerera kwathu miyendo inanditengera kukhwawa, komwe ndinali ndisanapondeko chimwalirire mayi aakulu. Kanjira ka m'nthochi kanatsekeka ndi udzu, ndinachita kupatula ndi manja. Mwala uja wamera ndere, masamba owola adzaza m'kadzenje momwe tinkaika sopo. Madzi akuyenda monga kale, koma palibe beseni, palibe wokuwa. Gwafa alipo, wapendekera pang'ono kumbali yomwe ankakokedwera. Pathunthu pake, msinkhu wa m'chiuno mwa munthu wamfupi, pali mkombero wosalala, wotuwa, pomwe khungwa linaleka kumera. Kachingwe ka khonje kakadali pomwepo, kadetsedwa ndi mvula, kamangidwe kake ndi kawo komwe. Ndinayesa kukamasula kuti ndikawapatse bambo aakulu, koma mfundo yake inakana, ndipo ndinakasiya.